GLS ya achemwali anga yatsika pa MRI ya mtima, nambala imeneyi tiikhulupirire?

NaBanda_Leeds analemba:

Moni nonse abale anga. Pepani ndilemba zambirimbiri, mutu wanga sukuyenda kuyambira lachinayi, ndipo ndikudziwa muno muli anthu ogwira ntchito zachipatala nde mwina wina andimasulira m'chilankhulo chomwe ndimalota nacho.

Achemwali anga aakulu, a zaka 52, anawapeza ndi khansa ya m'mawere chaka chatha, ija amati HER2 positive. Anawapanga opaleshoni bere la kumanzere, kemo analandira, pano ali pa trastuzumab ija timangoti Herceptin, masabata atatu alionse. Pachiyambi pomwe anatiuza kuti mankhwalawa nthawi zina amafooketsa mtima nde aziwayeza miyezi itatu iliyonse. Koma echo, sikani ija ya mtima ya ultrasound, inakanika, akuti zithunzi sizimaoneka bwino chifukwa mbali yomwe amaikapo kachipangizo kaja ndi yomwe anang'ambayo, nde adokotala anati basi tizingopanga MRI.

Sikani yoyamba anapangira kuchipatala cha mzinda womwe ankakhala, Herceptin asanayambe. Lipoti linapereka manambala awiri oonetsa m'mene mtima ukugwirira ntchito, EF 61%, GLS -19.4%. Kenaka tinakambirana pachibale kuti asamuke adzakhale ndi ine kuti ndiziwaona, nde sikani yachiwiri apangira kuno kuchipatala china. Lipoti labwera, EF 59%, GLS -16.2%.

Ine masamu sindinapite nawo patali koma Google ndimaitha kkk. Ndinawerenga kuti GLS ikatsika kupitirira 15 peresenti ya yoyamba ija ndiye kuti mankhwala ayamba kuononga mtima. Ndinatenga foni, 3.2 kugawa ndi 19.4, zikubwera 16 ndi theka. Ndinangoti mayo ine. Kuonjezera apo patsamba lachiwiri pali kabwalo kogawidwa zidutswazidutswa ngati keke, chidutswa chimodzi chakumtunda chalembedwa -7 ndipo mtundu wake ndi wosiyana ndi zinzake, chimenecho ndi chomwe chandisowetsa tulo.

Chodabwitsa nchoti adokotala a mtima sanaoneke kutekeseka olo pang'ono. Anangoti zipatala ziwirizi zimagwiritsa ntchito mapulogalamu osiyana, aitanitsa zithunzi zakale kuti aziyezenso okha, Herceptin apitirize. Nde ine ndikuti kodi akunena zoona kapena akungotitonthoza ngati ana? Makina a MRI odula chonchija angapereke bwanji manambala awiri osiyana pa mtima umodzi? Ngati nambalayo ndi yosadalirika amailemberanji pa lipoti, ngati ndi yodalirika bwanji sakuchitapo kanthu? Eni akewo ali bwinobwino, masitepe akukwera, miyendo sikutupa, dzulo anakana kuti ndiwaphikire nsima ati ine ndimaphika yosakhwima. Koma paja ndamva kuti GLS imagwira vuto munthu asanayambe kumva chilichonse, nde kukhala bwino kwawoko sikukundilimbitsa mtima. Ndithandizeni chonde.

Malume_Kasiya analemba:

Pepani mayi ndi matendawo, Mulungu awakhudze achemwali anuwo. Ine zachipatala sindidziwako, ndine mlimi chabe, koma nkhani yanuyi yandikumbutsa za soya. Thumba limodzi lomwelo, ndasoka ndekha kunyumba, venda woyamba sikelo yake ikuti 47, ndayenda pang'ono kwa wina ikuti 50, soyayo sanataike panjira ayi. Ukafuna kudziwa ngati anankafumbwe akudyera chimanga chako umayeza pa sikelo imodzi mwezi uno ndi mwezi wamawa, osati lero kwa uyu mawa kwa uyo. Kaya za mtima zimayenda choncho kaya, tidikire odziwa.

Chimutu_MRI analemba:

Achemwali NaBanda khazikani mtima pansi kaye, wanuwo ndikunena, wa odwalawo tiukamba pompano. A Malume mwalasa, mwangotsala ndi yunifolomu basi kkkk.

Ine ndine radiographer kuno ku England, sindine dokotala nde zosankha za mankhwala si zanga, koma masikani amenewa ndi omwe ndimagwira tsiku ndi tsiku ndipo nthawi zambiri mizere yomwe imabereka manambalawo timajambula ndife.

Strain, yomwe ndi S ya mu GLS yanuyo, ndi kungoyeza kuti mnofu wafupika bwanji mtima ukamafinya. Tengani mphira ya legeni yoikoka kufika masentimita 10, ikabwerera kufika 8 ndiye -20%. Minus uja akungotanthauza kufupika, nchifukwa chake -19 ndi yabwino kuposa -16. Mtima umafupika m'njira zingapo nthawi imodzi, m'litali kuchokera kutsinde kupita kunsonga ndiyo GLS yanuyo, mozungulira ngati munthu akumanga lamba ndiyo GCS, ndipo khoma lake limanenepa kulowa mkati ndiyo GRS, imeneyi imakhala ya plus. Umadzipotokolanso ngati mukufinya chovala chochapa koma zimenezo tizisiye. EF ndi nkhani ina, ndi gawo la magazi lomwe latuluka m'chipinda chakumanzere pa kugunda kumodzi. Madokotala amaikonda GLS chifukwa timinofu toyenda m'litali tambiri tili chamkati mwa khoma ndipo ndi tomwe timayamba kufooka EF ikadali yooneka bwino. Nde zomwe munamvazo nzoona.

Koma nayi nkhani yake. EF pa MRI ndi yolimba kwambiri, timadula mtima wonse magawomagawo kuchokera kutsinde mpaka kunsonga nkuwerengera magaziwo, palibe zongoyerekeza zambiri, ndipo ndi MRI yomwe njira zina zimayezedwera. 61 kupita 59 kumeneko ine ndimati sinasinthe. Strain ndiye imabwera mwanjira ina. Zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito feature tracking, palibe sikani yapadera, timatenga kakanema komweko ka mtima ukugunda, cine, kugunda kumodzi kogawidwa zithunzi 25 kapena 30, munthu nkujambula mzere mkati mwa khoma ndi wina kunja kwake pa chithunzi chimodzi, kenaka pulogalamu imatsatira mizereyo chithunzi ndi chithunzi mpaka kugunda kuthe. Vuto lake nloti pa cine mnofu wa mtima umaoneka wotuwa mofanana paliponse ngati phala losalala, mulibe timadontho toti pulogalamu igwirepo, nde imakakamira m'mphepete momwe magazi owala akumana ndi mnofu, zomwe zikuchitika mkatikati mwa mnofumo imangowerengera mwa masamu ake.

Ndipo masamuwo kampani iliyonse ili ndi ake. Pali TomTec ya ku Germany, cvi42 ya Circle ku Calgary, QStrain ya Medis ku Leiden, Segment ya Medviso ku Lund, zonse zogwiritsidwa ntchito m'zipatala zenizeni, palibe yabodza. Koma ina imakupatsani strain ya mzere wamkati, ina ya khoma lonse, pomwe mkati mumafupika kwambiri kuposa kunja, nde ya mzere wamkati nambala yake imakhala yayikulu. Zithunzi zomwezo, mtima womwewo, tsiku lomwelo, mutsegule pa mapulogalamu awiri, kusiyana kwa mapointi awiri atatu pa GLS ife sitidabwa nako. Inu 3.2 yanu ija ili cha m'menemo. Sindikuti mtima sunasinthe, ndikuti ndi mapepala awiri omwe muli nawowo palibe munthu angadziwe, olo pulofesa.

Kenaka pali ife anthu. Pa GLS pamafunika zithunzi zitatu za m'litali, 2 chamber, 3 chamber ndi 4 chamber, ena akathamanga amatenga ziwiri kapena chimodzi, nambala yasintha kale. Timadontho tiwiri tomwe timaika pomwe valavu ya mitral yalumikizana ndi khoma, ukaika kumtunda pang'ono kapena kumunsi pang'ono GLS imasuntha, chifukwa malo amenewo ndi omwe amayenda kwambiri. Mkati mwa mtima si mosalala ngati mbale, muli timinofu tolendewera ndi timizeremizere, wina amatisiya mbali ya magazi wina amatiphatikiza ku khoma. Wodwala akalephera kugwira mpweya masekondi 10 aja, kapena mtima ukudumphadumpha, kakanemako kamatuluka kosaoneka bwino pulogalamu nkumatsatira mthunzi.

Pa zitatu zija, yomwe imabwereza bwino ukayeza kawiri ndi GCS, GLS imatsatira pafupi, GRS ndiye ndi mwana wosamvera. Tsiku lina ndinayeza wodwala lolemba, mnzanga anayezanso zithunzi zomwezo lachitatu osadziwa kuti ndinapanga kale, GCS tinasiyana ndi kachidutswa ka pointi, GRS tinasiyana ndi mapointi pafupifupi 10, tinangoseka. Chifukwa chake khomalo ndi la mamilimita 8 kapena 10 basi, timabokosi ta chithunzi ndi toposa milimita imodzi, nde ukaphonya kabokosi kamodzi waphonya gawo lalikulu la khoma.

Za kekeyo, timati bullseye, magawo 16. Achemwali ikani tsamba limenelo pansi pa matiresi. Nambala ya mtima wonse imakhalako bwino chifukwa zolakwika za apa ndi apo zimafafanizana ukaphatikiza, koma kagawo kamodzi pakokha pa feature tracking sikodalirika, makamaka magawo a kutsinde omwe ali kunja kwa bwalolo, ndipo ndikukhulupirira -7 yanu ili komweko. Tsinde la mtima limatsika chakunsonga kupitirira sentimita imodzi pa kugunda kulikonse, pomwe kagawo kathu ka sikani kangoima pamalo amodzi, nde mnofu womwe unali pachithunzi poyamba si womwe ulipo mtima utafinya, pulogalamu nkumaganiza kuti ndi womwewo. Dokotala amayang'ana kakanemako ndi maso, ngati khomalo likuyenda bwino -7 uja samuwerengera.

Chomaliza, 15 peresenti munaipeza pa Google ija ndi yoona, ili mu malangizo a European Society of Cardiology a 2022 okhudza mtima wa odwala khansa, koma inachokera ku kafukufuku wa echo, ndipo amanenetsa kuti muziyeza pa makina ndi pulogalamu zomwezo. Komanso malangizo omwewo amati EF ikakhala 50 kupita mtsogolo, munthu alibe zizindikiro, GLS yokha ndi yomwe yatsika, ndi vuto laling'ono, Herceptin sasiya, amangoonetsetsa pafupipafupi ndipo atha kuonjezera mankhwala oteteza mtima ngati ACE inhibitor kapena beta blocker. Nde olo zitapezeka kuti yatsikadi, zomwe adokotala anuwo apanga zili m'njira. Mukapitanso afunseni kuti masikani onse awiri awayeza pa pulogalamu imodzi ndi munthu mmodzi, GCS ikuti chani, ndipo troponin ndi NT-proBNP, zoyeza za m'magazi zoonetsa ngati mtima wavulala kapena ukuvutika, zili bwanji.

Thoko_wa_Physics analemba:

Akulu a Chimutu mwafotokoza bwino moti ndikuopa kuonjezera kkk, koma ndiloleni ndiikire kumbuyo strain pang'ono, chifukwa wina akawerenga apa aziti MRI strain yonse ndi yamwayi ngati njuga, pomwe si choncho. Ine ndikuphunzira medical physics ku Cape Town, odwala sindiwagwira, ndimagwira manambala awo.

Feature tracking ndi njira imodzi mwa zingapo ndipo ndi yobwera mochedwa. Yoyamba inali tagging, anaiyambitsa Elias Zerhouni ku Johns Hopkins mu 1988, munthu wobadwira ku Algeria amene pambuyo pake anadzatsogolera NIH, bungwe la boma la America la kafukufuku wa zaumoyo, ndipo chaka chotsatira Leon Axel ndi Lawrence Dougherty ku Pennsylvania anatulutsa mtundu wake wotchedwa SPAMM. Apa makina amadinda mizere yakuda pa mnofu weniweniwo ndi maginito basi, osabaya munthu, mtima umaoneka ngati wajambulidwa pa kope la masamu lija la timabokosi, ukamafinya timabokosito timapindika nawo limodzi. Ndiye kuti vuto la phala losalala lomwe akulu anena latha, madontho wadziikira wekha. Kuipa kwake mizereyo imafufutika kugunda kusanathe, pa makina a maginito amphamvu a 3T imakhalitsako kuposa pa a 1.5T, ndipo kuiwerenga kunali kotopetsa mpaka Nael Osman, wa ku Egypt, ndi anzake atabweretsa HARP, njira ya pakompyuta yoiwerengera msanga, mu 1999. Osman yemweyo ndi amene anadzapanga SENC, njira inanso yoyezera strain, yomwe mtundu wake wachangu umatha kutenga chithunzi pa kugunda kumodzi munthu osagwira mpweya. Palinso DENSE ya Anthony Aletras ku NIH, 1999, imeneyi imalemba kayendedwe ka kadontho kalikonse ka mnofu m'chithunzi momwemo, ndipo njira yotchuka yoiwerengera anaikonza Bruce Spottiswoode ali pa University of Cape Town konkuno mu 2007 pamodzi ndi gulu la Frederick Epstein la ku University of Virginia, nde tikamanyadira mutimvetse. Pa DENSE olo magawo amodziamodzi a keke ija amabwereza bwino ndithu, makamaka strain yozungulira.

Nanga feature tracking inatchuka bwanji? Chifukwa siifuna mphindi ina iliyonse m'makina, ndipo ukhoza kutenga sikani ya zaka 10 zapitazo nkuiyeza lero. Kan Hor ndi anzake ku Cincinnati mu 2010 anaiyerekeza ndi tagging pa anyamata odwala Duchenne muscular dystrophy, matenda ofooketsa minofu, strain yozungulira ya pakati pa mtima inagwirizana bwino, anthu nkuilandira ndi manja awiri. Koma taonani chomwe chinagwirizanacho, yozungulira, ya kagawo konse, osati zidutswa.

Mawu oti kudalirika amabisa mafunso atatu osiyana ndipo ndi pomwe anthu timasokonezeka. Munthu mmodzi akayeza zithunzi zomwezo kawiri apeza zofanana? Anthu awiri akayeza zithunzi zomwezo? Ndipo lovuta kwambiri, wodwala akatuluka m'makina nkulowanso, zonse kuyambiranso, zituluka zofanana? Mapepala ambiri amayankha awiri oyambawo chifukwa ndi otchipa, pomwe achemwali a NaBanda funso lawo ndi lachitatulo. Ku King's College London mu 2012 Geraint Morton ndi anzake anatenga anthu abwinobwino 16 nkuwalowetsa m'makina katatu tsiku limodzi, anapeza zomwe akulu anenazi, yozungulira ya mtima wonse ndiyo inali bwino, za magawo zinali zosakhazikika. Mapulogalamu asintha kuchokera nthawi imeneyo koma ndondomeko ya yabwino ndi yoipa sinasinthe kwenikweni. Chinanso chomwe chinaoneka pambuyo pake nchoti kuyeza katatu nkutenga avereji kumathandiza, komanso woyezayo akaphunzitsidwa bwino, zinthu zopanda ulemerero koma zogwira ntchito.

Mukamawerenga mapepalawa samalani ndi nambala ija amati ICC, yoonetsa kugwirizana kwa miyeso, yomwe ikayandikira 1 amati zagwirizana kwambiri. Pepala likhoza kunena 0.9 kuoneka ngati zonse zili bho, koma ngati m'gululo anasakaniza anthu athanzi a -21 ndi odwala kwambiri a -6, ICC imakwera yokha chifukwa kusiyanitsa njovu ndi mbuzi sikufuna sikelo yabwino. Chofunika ndi chomwe Martin Bland ndi Douglas Altman analemba mu Lancet mu 1986, kuti miyeso iwiri ya munthu mmodzi imatha kutalikirana mpaka pati. Ngati malirewo ndi mapointi awiri uku ndi uku, kusintha kwa pointi imodzi ndi phokoso chabe.

Komabe GLS ya feature tracking ili ndi tanthauzo. Simone Romano ndi anzake mu 2018 anatsatira odwala oposa 1,000 a mtima wofooka ku America, GLS inathandiza kudziwa omwe ali pachiopsezo cha imfa kuposera zomwe EF ndi zipsera za mu mnofu zimanena pazokha. Nde pagulu la anthu chikwi imanena zoona. Pa munthu mmodzi pakati pa Januwale ndi Epulo, pamapulogalamu awiri, ndi pomwe imafuna ulemu.

Chimutu_MRI analemba:

Thoko mphwanga DENSE yakoyo ndi yabwino sindikukana, koma uzabwere uzauone mndandanda wa lolemba m'mawa, odwala ali pamzere, aliyense ali ndi mphindi zake zowerengeka, wina wachita mantha ndi kupanikizika m'makinamo, uzandiuze pomwe ndiikepo mtundu wina wa sikani. M'zipatala wamba zambiri mulibemo, ili m'malo a kafukufuku. Masiku ano chomwe chafika kwa ife ndi AI yojambula mizere yokha, ndipo zoona imachotsa kusiyana kwa ine ndi mnzanga, ukaipatsa zithunzi zomwezo ka 10 ikupatsa nambala yomweyo ka 10. Koma ikalakwitsa imalakwitsanso mofanana ka 10, nde ndimayang'anabe mzere uliwonse ndi maso anga. Ndipo akaipanga update pulogalamu yomweyo manambala amatha kusunthako, nchifukwa chake lipoti labwino limalemba dzina la pulogalamu ndi version yake pansi. A NaBanda taonani pa mapepala anuwo ngati analemba.

CO_wa_ku_Ndirande analemba:

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete ngati mwana wa sitandade 1 pa msonkhano wa aphunzitsi. Kuno ife mtima timauona ndi echo, ndipo nthawi zambiri EF ndi ya diso, dokotala amayang'ana nkunena kuti uwu ukupopa bwino uwu wafooka, odwala athu ambiri ndi a mavalavu oonongeka ndi rheumatic, a BP yosalandira mankhwala, ndi azimayi omwe mtima wafooka atangobereka. MRI yoyamba ija inabwera ku Queens mu 2008 inali ya 0.35T, inabwerera kafukufuku wa ana a malungo a mu ubongo, ndipo inagwira ntchito yaikulu kuonetsa kuti kutupa kwa ubongo ndi komwe kumapha anawo, koma za strain ya mtima si ntchito yake.

Chomwe ndingaonjezere ndi cha thupi la wodwalayo, chifukwa nonse mwakamba za makina. Strain si mphamvu ya mnofu yokha ayi, imatengeranso katundu yemwe mtima ukukankha tsiku limenelo. BP ikakwera mtima umafupika movutikira, strain imaoneka yotsika mnofu uli bwinobwino. Munthu akakhala wopanda madzi m'thupi chifukwa chosanza kapena kutsegula m'mimba, zomwe odwala khansa zimawachitikira, magazi obwerera ku mtima amachepa nambala nkusintha. Magazi akachepa, Hb yatsika ndi kemo, mtima umathamanga ndi kupopa mwamphamvu, sikani ya nthawi imeneyo ikhoza kuoneka yokongola kuposa m'mene mtima ulili, nde Hb ikadzabwerera m'malo nambala nkuoneka ngati yatsika. Mayi NaBanda mwati sikani yoyamba inali Herceptin asanayambe, ndiye kuti mwina anali atangomaliza kemo, afunseni adokotala Hb, BP ndi kugunda kwa mtima za masiku awiriwo.

Ndipo musaganize kuti echo ilibe vutoli. Ku Leuven ku Belgium anachitapo zoyeza anthu omwewo pa makina a makampani osiyanasiyana motsatizana, zotsatira zinatuluka mu 2015, GLS inasiyana mpaka kupitirira mapointi atatu pakati pa kampani ndi kampani. Mabungwe a madokotala a echo a ku Ulaya ndi America anachita kukhala pansi ndi makampaniwo kuti agwirizane kayezedwe.

Inu kunyumbako muziona izi, kubanika akamayenda kapena akagona chagada mpaka kufuna mapilo ambiri, kutupa mapazi, kulemera kukwera msanga m'masiku ochepa, mtima kuthamanga osachita kanthu. Zikaoneka musadikire tsiku la sikani, imbani foni kwa anamwino a khansa tsiku lomwelo. Ndipo chonde asadumphe Herceptin paokha chifukwa cha mantha, ndi mankhwala omwe anasintha kwambiri nkhani ya khansa ya HER2, ndipo kufooka kwa mtima komwe amabweretsa nthawi zambiri kumabwerera, mosiyana ndi kwa kemo wofiira uja doxorubicin. Ngati analandiranso ameneyo adokotala akudziwa kale kuti ayenera kuwayang'anitsitsa.

NaBanda_Leeds analemba:

Abale inu zikomo, ndinawerenga zonse kawiri, za Thoko katatu kkkk. Pepani ndinasowa masabata awiri, timadikira zithunzi zichoke kuchipatala chakale.

A Chimutu munalondola, nditayang'ana pansi pa malipoti aja mayina a mapulogalamu ndi osiyanadi, ndipo -7 ija ili kubwalo lakunja. Dzulo tinapita, ndinalemba mafunso anu onse pakapepala moti adokotala anandifunsa ngati ndimagwira ntchito ku radiology, ndinati ayi ndili ndi abale. Masikani onse awiri awayeza okha pa pulogalamu yawo, yoyamba ija yatuluka -18.0 m'malo mwa -19.4, yachiwiri atajambulanso mizere yatuluka -17.1, akuti pa chithunzi chimodzi kadontho ka pa valavu kanathawa panjira pulogalamu nkumatsatira china. Ndinatenganso foni pomwepo, 0.9 kugawa ndi 18, zikubwera 5 peresenti. GCS akuti sinasunthe, troponin ili bwino. A CO nanunso, Hb ya nthawi yoyamba ija inali yotsikadi, analandira kemo wofiira uja, nde adokotala anati pachifukwa chimenecho sakufuna kunena kuti zatha, 5 peresentiyo ikhoza kukhala phokoso ikhozanso kukhala chiyambi, tiona pa yachitatu. Mankhwala a mtima sanawayambitse, Herceptin akupitiriza, sikani ina pakatha miyezi itatu pa makina omwewo ndipo alemba pa fomu kuti adzayeze munthu yemweyo.

Ine ndiye ndagona dzulo. Achemwali zonsezi alibe nazo ntchito, dandaulo lawo ndi la mawu a m'mahedifoni aja oti pumani, tulutsani, gwirani, akuti amawauza kugwira asanakonzeke nde mapeto ake amaba kampweya pakati. A Chimutu pali chomwe angachite kuti ulendo wamawa zithunzi zidzatuluke bwino?

Chimutu_MRI analemba:

Ayesezere kunyumba atagona chagada pabedi, kupuma mkati, kutulutsa pang'onopang'ono, kenaka kuima osapuma inu mukuwerenga mpaka 12, apume bwinobwino kanthawi, abwerezenso kangapo. Asamadzaze chifuwa kwambiri, ambiri timawagwiritsa atatulutsa chifukwa mtima umabwerera pamalo amodzimodzi. Tsiku la sikani awauze ogwira makinawo asanalowe kuti mawu aja amawathamangira, tikhoza kuzimitsa ojambulidwawo nkumalankhula tokha pa maikolofoni, tikhozanso kufupikitsa nthawi yogwira mpweya. Ndipo akaba kampweya anene pomwepo tibwereze kagawoko, ndi masekondi ochepa chabe, ife timaona pa sikirini kuti munthu wapuma olo akane.